Kuvala parachuti m'ndege yopanda injini

Woyendetsa glider (ndege yopanda injini) ndi womukweza onse avale parachuti. Ngozi yaikulu ndi kuwombana m'mwamba, chifukwa ndegezi zimakonda kuzungulira pamodzi mu mpweya wotentha womwe ukukwera, monga zichitira mphamba masana pa phiri la Dedza. Phiko likathyoka, chotsala ndi kudumpha.

Valani musanakwere. Mangani lamba wa pachifuwa, kenako iwiri ya m'ntchafu, muikoke mpaka kuima mowongoka kuvute pang'ono; mukakhala pansi imakhwepa yokha. Yolenda imakuvulazani parachuti ikatseguka. Onani kuti chokokera chotsegulira parachuti, chomwe nthawi zambiri chimakhala kumanzere kwa chifuwa, chili m'malo mwake.

Zikavuta, tayani chivundikiro cha ndege cha pamwamba pomwe mwakhala, masulani malamba a mpando okha, tulukani, yang'anani chokokera ndi maso, muchikoke ndi manja onse. Apa ndi pomwe anthu amalakwa: mantha akagwira, manja amachita zomwe anazolowera. Choncho tsiku lililonse mukatera, tulukani kaye parachuti ili kumsana, muivulire panja. Wozolowera kuivulira m'ndege angadzamasule malamba olakwika ali m'mwamba.

Potera ndi parachuti phatikizani mapazi, mawondo opinda pang'ono. Kumapiri kuno mpweya ndi wopepuka, mumatsika mofulumirirapo.

Chinyezi chimawononga nsalu ya parachuti, dzuwa ndi mafuta nazonso. Isungeni pouma, osati pa simenti, ndipo katswiri aziipindanso pa nthawi yomwe wopanga ananena, kawirikawiri miyezi 6 mpaka 12.