Kutengera makolo kumalo odyera a Chitaliyana: konzekerani chonchi

Nyengo ya graduation ikafika kuno ku Zomba, mabanja ambiri safuna kuti tsiku lithere pa Great Hall pokha. Mwana wamaliza ku Chanco, makolo abwera kuchokera ku Jali, ku Mayaka kapena ku Thondwe, ndiye wina amati tiyeni tikadye kumtunda, kumalo odyera a Chitaliyana cha kuphiri. Ganizo limenelo ine ndimalikonda. Chimene chimandipweteka n'kuona banja litalipira ndalama zambiri koma mayi wachikulire atangokhala duu, mbale ili patsogolo osaikhudza, chifukwa palibe amene anawafotokozera chimene chabwera.

Yambani ndi foni, kudakali tsiku limodzi kapena awiri. Nenani kuti mubwera angati ndiponso nthawi yanji, funsani nthawi imene amatseka khitchini, komanso ngati amalandira khadi, Airtel Money kapena Mpamba. Funsaninso ngati mitengo ya pa menyu yaphatikiza kale msonkho wa VAT, kuti bilu isadzakudzidzimutseni. Ngati mulibe galimoto, panganani ndi wa takisi kuti adzakutengeninso, chifukwa kukada kumtundako simungadalire kupeza kabaza. Ndipo phiri la Zomba limazizira madzulo, makamaka mu Juni ndi Julaye. Auzeni amayi atenge juzi ndi chitenje chapadera, poti matebulo abwino nthawi zambiri amakhala pakhonde.

Tsopano menyu, pamene ambiri amasokonekera. Ataliyana amagawa chakudya m'magawo otsatizana. Antipasti ndi tizakudya toyambira, monga bruschetta, buledi wootcha wopaka adyo, pamwamba pali matimati oduladula ndi mafuta a olivi. Primi ndi pasta (zakudya za ufa wa tirigu monga spaghetti ndi makaroni), risotto (mpunga wa Chitaliyana) kapena supu. Secondi ndi nyama kapena nsomba, ndipo kawirikawiri imabwera yokha, popanda mpunga kapena china chodyera. Zodyera limodzi ndi nyamayo, monga mbatatesi ndi masamba, zili pansi pa contorni, zimaitanitsidwa padera ndipo zili ndi mtengo wake. Dolci ndi zotsekemera zomalizira. Palibe lamulo loti mudye zonsezi. Mbale imodzi ya pasta ndi chakudya chokwanira munthu, ndipo bruschetta imodzi mutha kugawana awiri. Koma mukaitanitsira abambo nkhuku ya pa secondi, musaiwale mbatatesi, apo ayi adzafunsa kuti nanga chakudya chenicheni chibwera liti.

Nkhani yaikulu kwa ife a ku Zomba ndi nkhumba. M'mabanja ambiri kuno mumakhala Msilamu kapena wa Seventh Day, ndipo pa menyu ya Chitaliyana nkhumba imabisala m'mayina osadziwika. Prosciutto, pancetta ndi guanciale zonse ndi nkhumba, salami nayenso kawirikawiri ndi nkhumba. Carbonara imaoneka ngati pasta ya mazira ndi tchizi basi, koma tizidutswa tofiira timene tili mkatimo ndi nkhumba. Ngakhale msuzi wa bolognese, umene ambiri timauyesa wa ng'ombe yokha, ophika ambiri amasakanizamo nkhumba, ndipo msuzi womwewo ndi umene umalowa mu lasagne, pasta yosanjikiza yophika mu uvuni. Vinyo nayenso amathiridwa pophika risotto ndi misuzi ina. Choncho funsani, musachite manyazi. Azakhali anga a ku Domasi sachedwa nazo, amaloza ndi chala pa menyu n'kunena kuti, “Achimwene, umu muli nkhumba kapena mowa? Mukafunse kwa ophika, ine ndidikira.” Mnyamata woperekera zakudya amapitadi kukhitchini n'kubwera ndi yankho. Ndi ntchito yake, ndipo malo abwino amasangalala ndi funso lotere.

Nanga osadya nkhumba asankhe chiyani? Pizza ya Margherita ili ndi matimati, tchizi ya mozzarella ndi masamba a basil basi. Pasta al pomodoro ndi ya msuzi wa matimati. Wokonda tsabola atenge arrabbiata. Aglio e olio ndi spaghetti ya adyo, mafuta a olivi ndi tsabola pang'ono, yosavuta koma ikaphikidwa bwino siiwalika. Pesto ndi msuzi wobiriwira wochokera ku Genoa, wopangidwa ndi basil, adyo, tchizi, mafuta ndi mtedza wa paini, ndiye amene mtedza umawadwalitsa afunse kaye.

Kwa akuluakulu amene sanadyepo zoterezi, ine ndimasankha nkhuku kapena nsomba yootcha ndi mbatatesi. Gnocchi, timibulu tofewa ta mbatatesi ndi ufa wa tirigu, timawayenera amene mano ayamba kuvuta. Mukaona polenta pa menyu, musazengereze: ndi ufa wa chimanga, kawirikawiri wachikasu, wophikidwa pafupifupi ngati nsima ya mgaiwa, chakudya cha anthu a kumpoto kwa Italy. Risotto yokha muwachenjeze. Mpunga wake amauphika akuthira msuzi pang'onopang'ono mpaka ukhale wonata, sumayoyoka ngati wa Kilombero, ndipo mayi wodziwa kuphika akhoza kuganiza kuti madzi anachuluka.

Pasta nayo Ataliyana amaiphula ikadali yolimbako pang'ono pakati, amati al dente. Siyosapsa ayi, ndi mmene amaifunira. Ngati agogo amafuna yofewa, nenani poitanitsa, osati mbale itafika. Chimodzimodzi nyama ya ng'ombe: akakufunsani kuti ipse bwanji, nenani kuti ipse ndithu mpaka mkati, chifukwa makolo athu ambiri akaona kufiira pa nyama amasiya pomwepo.

Malo otere amayamba kuphika inu mukaitanitsa, ndiye kudikira kulipo. Musapite ndi anthu amene akhala pa mwambo kuyambira m'mawa osalawa kanthu. Adyeko nthochi kapena kumwa tiyi musananyamuke, ndipo mukangokhala pansi itanitsani zakumwa ndi choyambira. Za mafoloko zisakuvutitseni. Akakhala ambiri, yambani ndi wakunja. Spaghetti mumabaya tingwe tochepa n'kuzunguliza foloko m'mphepete mwa mbale. Mukatenga zambiri, mpukutu sulowa m'kamwa. Amene zawavuta adule ndi mpeni, palibe amene adzawathamangitse. Pizza idyeni ndi manja, ndipo ngati abambo akufuna kusamba m'manja kaye monga mwa mwambo wathu, pemphani madzi kapena muwaperekeze kosambira. Tchizi ya Parmesan imene amabweretsa yoperapera ndi yothira pa pasta ya matimati kapena ya nyama, koma pa ya nsomba Ataliyana sathira.

Pa zotsekemera, tiramisu ndi imene imatchuka, koma dziwani kuti muli khofi, tchizi ya mascarpone, kawirikawiri mazira osaphika, ndipo ena amathiramo mowa. Mayi woyembekezera ndi osamwa mowa afunse kaye. Panna cotta, yopangidwa ndi kirimu wa mkaka, amailimbitsa ndi gelatine, amene nthawi zambiri amachokera ku nkhumba. Gelato, ayisikirimu wa Chitaliyana, sapereka mafunso ambiri, ndipo ikakhala nyengo ya masitiroberi a kuphiri kuno, funsani ngati alipo. Espresso, khofi wa Chitaliyana, imabwera m'kakapu kakang'ono kwambiri, yowawa ndi yamphamvu. Amene akufuna chofunda chomwa pang'onopang'ono apemphe tiyi.

Za bilu mupangane muli kunyumba, kuti wolipira ndani ndipo malire ndi ati. Ine sindilola kuti pepala la bilu lifike patebulo pamene pali makolo. Amayi akangoona nambalayo amayamba kuwerengera matumba a feteleza, ndipo chisangalalo chonse chimathera pomwepo. Nyamukani ngati mukupita panja, kalipireni pa kauntala, muone ngati awonjezerapo kale ya otumikira. Ngati sanatero, mpatseni m'manja amene amakutumikirani kangachepe kogwirizana ndi thumba lanu. Chakudya chotsala pemphani akukulungireni, pizza imadyeka bwino m'mawa mwake mukaitenthetsa pa chiwaya. Wa takisi muimbireni pamene mukuitanitsa zotsekemera, kuti akuluakulu asaime pamphepo kudikira galimoto.