Mipeni inayi ndi mabotolo atatu: masewera omanga oti muchite ndi ana madzulo

Adzukulu anga akabwera pa holide, nsima yamadzulo ikatha sindilola kuti aliyense athawire ku foni. Ndimachotsa mbale patebulo n'kuikapo mabotolo atatu a Fanta opanda kanthu ndi mipeni inayi, ija yobuntha yopakira majarini pa buledi. Masewerawa ndinayamba ndikuphunzitsa sitandade 7, ndipo ndaonapo akuluakulu ovala taye akukanda mutu pamene kamwana kakuseka pakona.

Imikani mabotolowo ngati mafuwa, motalikirana mofanana. Mtunda wa botolo ndi linzake upose kutalika kwa mpeni ndi zala ziwiri, kuti mpeni umodzi usathe kugona pa mabotolo awiri. Apa yezani bwino, chifukwa mukawayandikizitsa masewera atha asanayambe. Muthiremo mchenga pang'ono kuti asamagwe chisawawa. Kenako nenani lamulo kamodzi kokha: mangani kathandala pamwamba pa mabotolo koti kapu ya madzi ikhalepo, mabotolo asasunthidwe, ndipo mpeni usakhudze tebulo. Kapuyo ikhale yapulasitiki, madzi theka. Mukanena zimenezi tsekani pakamwa.

Kutseka pakamwako ndiye ntchito yovuta, makamaka kwa ife aphunzitsi. Mudzaona mwana akuyesa kulumikiza mipeni iwiri nsonga ndi nsonga, ikugwa, akuyambanso, ikugwanso. Wina adzafunsa ngati angatenge chingwe. Yankho ndi ayi, basi.

Kamangidwe kake ndi aka. Chigwiriro cha mpeni uliwonse chikhale pakamwa pa botolo lake, nsonga zonse ziloze chapakati. Nsonga ya mpeni woyamba igone pamwamba pa mpeni wachiwiri, ya wachiwiri igone pa wachitatu, ya wachitatu ibwerere kudzagona pa woyamba uja. Pakati pamatsala kampata ka makona atatu, ndipo kapu imakhala pomwepo. Mpeni uliwonse wasenza mnzake komanso wasenzedwa ndi wina, choncho kapu ikalemera imangoikanikiza kuti igwirane kwambiri. Poluka gwirani mipeni iwiri ndi dzanja limodzi mpaka wachitatu utalowa, chifukwa isanakwane itatu palibe choimirira.

Nanga mpeni wachinayi? Ulibe ntchito. Mpeni umenewo ndi msampha, ndipo ndi umene ndimakondera masewerawa. Munthu akapatsidwa zinthu zinayi amadziuza yekha kuti zonse ziyenera kulowa m'chomangacho, pamene palibe amene wanena choncho. Edward de Bono, dokotala wa ku Malta amene anatchukitsa mawu akuti lateral thinking mu 1967, anagwiritsapo ntchito mabotolo ndi mipeni yomweyi pophunzitsa anthu kuganiza. Kwa ine mawu akewo amangotanthauza kusiya njira yomwe aliyense akukakamirapo n'kuyang'ana cham'mbali ngati kuli kanjira kena.

Ana akatopa, musawauze yankho. Ine ndimangofunsa funso limodzi: "Kodi lamulo lija ndinati chiyani?" Akalibwereza mawu ndi mawu, nthawi zambiri wina amadzidzimuka n'kukankhira mpeni umodzi pambali.

Funso lomwelo limagwiranso ntchito pa masewera a machesi, omwe ndi ofulumira. Perekani timitengo ta machesi tisanu ndi kamodzi, muwauze apange tizipinda tinayi ta makona atatu tofanana, mbali iliyonse yotalika ngati kamtengo kamodzi, osathyola kalikonse. Adzatiyala patebulo n'kumatisunthasuntha mpaka tulo. Koma ndani ananena kuti tigone pansi? Titatu tigone n'kupanga makona atatu, titatu tinato tiimirire pa kona iliyonse n'kukumana pamwamba ngati phaso la nyumba yozungulira. Chipinda chimodzi pansi, zitatu m'mbali. Kadongo pang'ono m'makona kamathandiza kuti tisagwe.

Kwa ang'onoang'ono, a sitandade 1 kapena 2, mipeni isiyeni. Apatseni pepala limodzi la m'kope ndi makapu awiri otalikirana ngati chikhatho chimodzi, amange mlatho woti usenze kabokosi ka machesi kodzaza mchenga. Pepala losalala limangobwatika n'kugwera pakati. Likapindidwa mizeremizere kutsogolo ndi kumbuyo, mizereyo ikuchokera pa kapu ina kufika pa inzake, limasenza bwinobwino. Mwana akalephera mutulutseni panja ayang'ane denga. Malata ndi opyapyala, koma chimene chimawalimbitsa ndi mapindidwe akewo. Mdzukulu wanga wina sanapinde mizere ayi, analikulunga pepala ngati paipi, ndipo linasenza. Ndinavomera, chifukwa lamulo silinaletse. Mwana akapeza njira imene inu simunaiganize, musamuwonjezere lamulo latsopano pofuna kuteteza ulemu wanu. Ndinachitapo zimenezi kwa mnyamata wina m'kalasi, ndipo mnyamata uja sanakwezenso mkono chaka chonse.

Ana akachuluka, monga pa Sande sukulu kapena patchuthi pomwe abale onse asonkhana, pali masewera a nsanja. Kumayiko akunja amawachita ndi timitengo 20 ta sipageti wosaphika, tepi, chingwe ndi siwiti imodzi yofewa yotchedwa marshmallow. Anthu anayi pagulu amapatsidwa mphindi 18 kuti amange nsanja yoima yokha, siwitiyo ili pamwamba. Tom Wujec, amene anawafalitsa kwambiri mu 2010, ananena kuti ana a mkaka amaposa anthu omaliza maphunziro a bizinesi. Chifukwa chake n'chosavuta. Akuluakulu amataya nthawi kukambirana pulani, amamanga nsanja yaitali, n'kudzaika siwiti nthawi itatsala pang'ono, nsanja n'kupindika. Ana amayamba ndi siwitiyo, amamanga kanthu kakafupi, kakagwa amayesanso.

Ine sipageti sindiseweretsa, ndi chakudya. Ndimadula tsekera wouma kapena kuthothola timitengo ta tsache, 20 pagulu lililonse, totalika ngati chikhatho chotambasula. Ulusi mkono umodzi, selotepi mkono umodzi, ndipo m'malo mwa siwiti ndimaumba kampira ka dongo lonyowa kofanana ndi nthudza. Kampirako kaumbeni nokha, tonse tofanana, apo ayi padzakhala mlandu wakuti gulu lina linatsina dongo lake. Nenani nthawi mokweza ikafika theka, ndiponso ikatsala mphindi ziwiri. Nthawi ikakwana manja onse m'mwamba, muwerenge mpaka khumi, ndipo nsanja imene yagwa mkati mwa kuwerengako yagwa basi, ngakhale mwini wake alire. Yezani kuchokera patebulo kufika pamwamba pa dongo, osati pansonga ya tsekera wongotulukira.

Kenako agawireninso timitengo tina achitenso kachiwiri tsiku lomwelo. Ulendo wachiwiriwu muziyang'ana pansi pa nsanja: ambiri amasiya miyendo inayi n'kuyamba ya itatu, ndipo dongo lija limakwera pamwamba mphindi zisanu zisanathe.