Momwe mungachitire mukapeza chotupa cholimba pafupi ndi khutu

Chotupa cholimba chimene chatuluka pafupi ndi khutu chikhoza kukhala mwanabele wamba amene aphwa yekha pakatha milungu iwiri, koma chikhozanso kukhala chizindikiro choyamba cha TB kapena khansa, ndipo ngakhale dokotala wozolowera ntchito yake sangatsimikize chimene chili m'katimo pongochigwira ndi zala. Ine ndinali nacho chotupa chotere kutsogolo kwa khutu lakumanzere mpaka chinachotsedwa kuno ku Blantyre, choncho njira imene ndikulembayi ndinaiyenda ndekha. Chachikulu pa zonse ndi chakuti chotupacho chijambulidwe ndi kuyezedwa chisanakhudzidwe ndi mpeni wa munthu aliyense.

Yambani ndi kudziwa malo enieni pamene chotupacho chili, chifukwa malowo paokha amachotsapo zokayikira zambiri. Imani pagalasi ndipo mugwire mbali zonse ziwiri za mutu nthawi imodzi. Kuseri kwa khutu lililonse kuli fupa lotukuka limene munthu aliyense ali nalo, ndipo ambiri amene angolizindikira kumene amachita mantha pachabe. Ngati mbali inayo ilinso chimodzimodzi, limenelo ndi fupa basi. Chotupa chimene chimasuntha pamodzi ndi khungu, makamaka chokhala ndi kadontho kakuda pakati, nthawi zambiri chimakhala kathumba ka m'khungu kodzaza ndi zoyera zonunkha, ndipo sichoopsa. Cholimba chonyezimira chimene chamera pamene anaboola kuti mudzivala ndolo ndi chipsera chimene chakula mopitirira, chomwe madokotala amachitcha keloid, ndipo chikangodulidwa popanda chithandizo china chimameranso, nthawi zina mokulirapo kuposa poyamba. Koma chimene chili pansi pa khungu, kutsogolo kwa khutu kapena m'munsi mwake pamene nsagwada imathera, kawirikawiri chimakhala mwanabele kapena chimachokera m'chiwalo chopanga malovu chotchedwa parotid, chomwe chija chimatupa ana akadwala matsagwidi.

Mukadziwa malo, funani chimene chayambitsa. Mwanabele amatupa pamene thupi likulimbana ndi matenda pafupi naye, choncho pemphani wina akuoneni m'mutu ngati muli chipere, zilonda za makina ometera kapena tizilonda tobwera chifukwa cha kuluka tsitsi mokoka kwambiri. Kumbukiraninso ngati khutu lakhala likutuluka mafinya, ngati muli ndi dzino lobooka, diso lofiira kapena zilonda zapakhosi. Mwanabele wa mtundu umenewu amapweteka mukamugwira, amathawathawa pansi pa chala, ndipo amaphwa matendawo akapola. Tengani rula ya mwana wasukulu, muyeze chotupacho, mulembe masentimita ake ndi tsiku, kenaka muchijambule pafoni. Bwerezani kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, pakuti kuchifinyafinya kumangochitupitsa ndipo simudzadziwa ngati chikukula chokha.

Ngati chotupacho chatha milungu iwiri kapena itatu osaphwa, ngati chapitirira masentimita 2, ngati ndi cholimba, chosapweteka ndiponso chosasuntha, kapena ngati mukutuluka thukuta usiku, kuonda ndi kumva kutentha thupi kawirikawiri, nthawi yodikira yatha. Anthu ambiri amalimba mtima chifukwa chakuti sichikupweteka, chonsecho chosapwetekacho ndi chimene madokotala amachikayikira kwambiri. Palinso zizindikiro zina zimene sizilola kugona nazo. Kuseri kwa khutu kukafiira ndi kutentha, khutu n'kukankhidwira kutsogolo, makamaka kwa mwana amene khutu lake linkatuluka mafinya, ndiye kuti matenda alowa m'fupa ndipo akhoza kufika ku ubongo. Nkhope ikapindikira mbali imodzi, diso n'kumakanika kutsinzina, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mwana amene nsagwada yake ikutupa mofulumira, mano n'kumagwedera, akhoza kukhala ndi khansa yotchedwa Burkitt lymphoma, imene imapezeka kwambiri mwa ana kuno ku Malawi ndipo imamva mankhwala bwino ikapezeka msanga. Kwa abale athu achialubino, chotupa kapena chilonda cha pakhutu chimene sichikupola chiyenera kuonedwa mwachangu chifukwa cha khansa ya pakhungu.

Poyambira pake ndi chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, kaya ku Ndirande, Zingwangwa, Limbe, Bangwe kapena Chilomoni, mutatenga kabuku kanu ka kuchipatala. Akakuuzani zoyezetsa HIV musakane, ngakhale munayezetsa chaka chatha, chifukwa zotsatira zake zimasintha maganizo onse a dokotala: mwa anthu amene ali ndi kachilomboka, TB ya mwanabele, matumba a madzi m'chiwalo cha malovu komanso khansa ya mwanabele zimapezeka mochulukirapo. Akhoza kukupatsani mankhwala opha mabakiteriya a masiku angapo, ndipo zimenezo n'zoyenera kamodzi kokha. Chotupa chikapanda kusintha, bwererani mukapemphe kalata yokutumizani ku Queen Elizabeth Central Hospital, kumene ambiri timangoti ku Gulupu kapena ku Queens. Pano ndichenjezepo za anyamata ogulitsa makapisozi m'misika ndi m'timagolosale, amene amakuwerengerani mapiritsi molingana ndi ndalama imene muli nayo. Mankhwala ena, monga ciprofloxacin, amagonetsa TB kwa kanthawi osaipha, chotupa n'kuphwako pang'ono, ndipo pamene mudzakafike koyezetsa matendawo amavuta kuwapeza. Za kutema mphini pachotupa sindinenapo zambiri, pakuti zotsatira zake ndi chilonda chowonjezera pa vuto limene linalipo kale.

Gawo limene ndikufuna kukhalapo nthawi yaitali ndi la pakati pa kalata ija ndi tsiku lokaonana ndi madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi, chifukwa apa ndi pamene zinthu zinandisokonekera. Kudikira kumatopetsa, ndipo mnansi wina anandilozera kakiliniki kena kolipira m'tauni muno kumene, malinga ndi iye, zoterezi amamaliza tsiku lomwelo. Munthu amene ndinamupeza anachigwira kwa kanthawi kochepa, osandifunsa ngakhale kuti chinayamba liti, n'kunena kuti, "Bambo, musadandaule, ichi ndi chithupsa chimene chakana kupsa. Tingochiboola, mafinya atuluke, muzipita kwanu." Anandibaya jakisoni wochititsa dzanzi, anacheka pang'ono m'munsi mwa khutu, n'kuyamba kufinya ndi zala ziwiri. Sipanatuluke mafinya ngakhale dontho, koma magazi okhaokha amene ananyowetsa thonje ndi kolala ya malaya. Anasoka, anandipatsa mapiritsi m'kapepala kopanda dzina, ndipo ndalama analandira zonse.

Kuopsa kwa zimene zinachitikazo ndinakumva bwino pamene dokotala wa opaleshoni anaona chipseracho. Anandifotokozera kuti mtsempha umene umayendetsa minofu ya nkhope umatuluka m'chigaza m'munsi mwa khutu ndi kudutsa m'kati mwenimweni mwa parotid, kumene umagawika nthambi zopita kumphumi, kudiso, kutsaya ndi kumilomo. Mpeni ukadula nthambi imodzi, munthu akhoza kutsala ndi pakamwa popindika kapena diso losatsinzina moyo wake wonse. Chachiwiri, zotupa za m'chiwalo chimenechi pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse sizikhala khansa, ndipo chofala kwambiri, chotchedwa pleomorphic adenoma, chimakhala m'kachikopa kopyapyala. Kachikopako kakang'ambika, timaselo ta chotupacho timamwazikira m'minofu yozungulira ngati mapira otayikira mu udzu, ndipo patapita zaka timamera malo angapo nthawi imodzi, opaleshoni yake n'kukhala yovuta kuposa yoyamba. Kwa ine mpeniwo sunafike pamtsempha, koma chipsera cha m'kati chinapangitsa kuti ntchito yochotsa chotupa ikhale yaitali, ndipo anandiuza kuti ndizipita kukaonedwa kwa zaka zingapo. Chikanakhala TB, kucheka koteroko kukanatha kusiya chilonda chotuluka madzi chimene chimatenga miyezi kuti chitsekeke. Choncho munthu aliyense amene akufuna kucheka, mufunseni kaye kuti wajambula ndi chiyani ndiponso kuti chimene achotsecho achitumiza ku labotale iti. Ngati alibe yankho, nyamukani. Muli ndi ufulunso wofunsa ngati iye ndi kiliniki yakeyo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi.

Ku Queens, funsani tsiku limene madokotala a makutu amaona odwala ndipo mulawirire, mutanyamula kalata, kabuku ndi zithunzi za pafoni zija. Adzakuyang'anani m'khutu, m'kamwa ndi pakhosi, adzagwira khosi lonse, ndipo adzakuuzani kuti mukwinye mphumi, mutsinzine ndi kuonetsa mano pofuna kudziwa ngati mtsempha uja uli bwino. Kenaka pamabwera sikani ya ultrasound, yofanana ndi imene amajambulira amayi oyembekezera, imene imaonetsa ngati chotupacho chili ndi madzi kapena ndi nyama yolimba, komanso ngati ndi mwanabele kapena chili m'chiwalo cha malovu. Kuchipatala cha boma simulipira, koma mzere umatalika. Amene ali ndi ndalama amakajambulitsa kuzipatala zolipira n'kubweretsa pepala. Mukasankha njira imeneyo funsani mtengo malo awiri kapena atatu, chifukwa umasiyana kwambiri, ndipo muonetsetse kuti akupatsani lipoti lolembedwa, osati chithunzi chokha.

Chotsatira ndi kutengako timaselo ndi singano yopyapyala, zimene amazitcha FNA. Zimatenga mphindi zochepa ndipo ululu wake sumaposa wa kutengetsa magazi. Gawo lina amalipaka pakagalasi kuti akalione ku labotale, ndipo ngati akukayikira TB gawo lina limapita ku makina a GeneXpert, amene ntchito yake amamaliza m'maola awiri, ngakhale kuti pepala limatha kuchedwa kukufikani. Musadabwe akakutumizani kukajambulitsa chifuwa pamene simukutsokomola, chifukwa TB ya mwanabele nthawi zambiri sibwera ndi chifuwa. Musanachoke, funsani kumene mudzatenge zotsatira ndipo mulembe nambala ya zimene atengazo m'kabuku. Nthawi zina singano situlutsa zokwanira, ndipo amabwereza kapena amachotsa mwanabele yense kuti akamuyeze.

Zotsala zimadalira chimene apeza. TB ya mwanabele imachira ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, amene ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo chotupa chikhoza kukulako pang'ono m'milungu yoyamba chisanayambe kuphwa. Kathumba ka m'khungu amakachotsa mwa opaleshoni yaing'ono. Chotupa cha parotid amachichotsa pamodzi ndi gawo la chiwalocho munthu atagonekedwa tulo, mwina atayamba ajambula ndi sikani ina yoona m'kati mwa thupi yotchedwa CT, ndipo khutu limakhala ladzanzi kwa miyezi ingapo pambuyo pake. Chikapezeka kuti ndi khansa, amakutumizani kwa madokotala a khansa pachipatala chomwecho. Zilizonse zimene achotsa ziyenera kupita ku labotale, ndipo pepala la zotsatira zake mukalitenge ndi kulisunga pamodzi ndi kabuku kanu.