Futsani Ndiwo M'dzinja, Mudzagulitse M'chilimwe

Alimi anzanga, mvula ikangokhazikika, bonongwe, chisoso, luni ndi denje zimamera zokha m'munda popanda kugula mbewu kapena feteleza. Ambiri popalira mumazizula n'kuzitaya ngati udzu, ena mumati ndi ndiwo za amphawi. Koma pitani pa msika wa Lizulu, Mitundu kapena Limbe mu Okutobala, zitsime za kudimba zitaphwa, mukaone momwe mfutso umayendera malonda. Anthu a m'tauni amaufuna, ndipo wogulitsa amene ali ndi wabwino sachedwa kuweruka.

Phindu lake lagona pa nthawi. Mu Januwale ndi Febuluwale masamba amakhala mbwee, mtengo umagwa, otsala amavunda. Mukafutsa, mwasunga katunduyo kufikira pamene akusowa. Mfutso ndi wopepuka, thumba lonse limakwera panjinga, komanso suonongeka panjira ngati tomato. Khwanya, chitambe ndi mnkhwani, zomwe muli nazo kale m'munda wa nyemba, khobwe ndi maungu, nazonso zimafutsika bwino.

Chimene chimapha msika ndi mchenga. Munthu akaluma mchenga kamodzi sabweranso kwa inu, ndipo amauza anzake. Choncho thyolani masamba anthete m'mawa, musankhe, mutsuke kawiri kapena katatu m'madzi oyera. Aviikeni m'madzi owira othira mchere pang'ono kwa mphindi 2 kapena 3 zokha. Cholinga sikuphika ayi, koma kuti masamba asunge kubiriwira kwake. Musathire soda kapena chidulo chifukwa zimapha mavitamini ena.

Poyanika, iwalani za pansi kapena pamwala pamene nkhuku, mbuzi ndi fumbi zimadutsa. Mangani thandala lokwera, muyalepo mphasa yoyera, pamthunzi podutsa mphepo. Ndikudziwa kuti m'dzinja dzuwa likangowala aliyense amathamangira kuyanika poyera, koma dzuwa lamphamvu limayezula masamba n'kuchepetsa vitamini A, amene ana ndi amayi oyembekezera amamufuna kwambiri. Mfutso wauma ngati ukufumbutuka mukaufinya m'manja. Ukakhala wofewa ngakhale pang'ono, uchita nkhungu.

Agogo athu ankakulunga mfutso m'masamba a msuku n'kupanga chikwatu, n'kuchipachika kudenga. Njirayi ikadali yabwino pa ndiwo za pakhomo. Mfutso wogulitsa uikeni m'chidebe chotseka bwino kapena m'mapepala apulasitiki oyera, mtundu uliwonse paokha. Osasakaniza luni ndi chitambe. Wogula amafuna kudziwa chimene akugula, ndipo luni ali ndi kuwawa kwake kumene si onse amakukonda.

Amayi a m'kalabu kapena banki mkhonde, sonkhanitsani mfutso wanu mugulitse pamodzi. Venda amakanika kukunyengani pa mtengo mukakhala ndi matumba angapo komanso mawu amodzi. Mukafuna kulowa m'masitolo akuluakulu, pamafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, bungwe la boma loyeza ubwino wa katundu, ndipo gulu ndi limene lingakwanitse msanga kusiyana ndi munthu mmodzi. Koma yambani mwapatula wokwanira banja lanu. Musagulitse wonse n'kumadzagulanso modula mu Novembala.

Chenjezo kwa amene mwayamba kupopera mankhwala opha udzu: musathyole ndiwo m'munda wopoperedwa. Patulani ndime imodzi yosapopera, ndipo musiye mitengo ingapo ya bonongwe ndi luni ikhwime kuti mukolole njere zodzawaza chaka chamawa.