Musanasinthe jeti, yambani mwafunsa pulagi

Tsiku lina la msika ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, mnyamata wina wonyamula anthu pa njinga yamoto anandiimika n'kudandaula kuti njinga yake ikumwa petulo modetsa nkhawa, ndipo ikafika pachitunda imatsamwa. Makaniko wina anali atamuuza kale kuti asinthe jeti, kachitsulo ka m'kabureta kokhala ndi kabowo kodutsa petulo, agule ya bowo locheperako. Tinamasula pulagi, ija ambiri kuno timati vela. Inali bii, mwaye wouma wokanirira kuchala ngati wa kunsi kwa mphika. Titatsegula kabokosi ka fyuluta tinapeza siponji ili gwa ndi fumbi lofiira. Tinaichapa, kuiumitsa, kuipaka oyilo pang'ono, ndipo njinga inayamba kukoka bwinobwino, jeti osaikhudza n'komwe.

Injini imafuna mpweya wochuluka kuposa mmene ambiri timaganizira: poyeza kulemera, pafupifupi magawo 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Kabureta ndiyo imasakaniza, pulagi ndiyo mboni ya mmene moto wayakira m'katimo. Koma mboniyo siitchula wolakwa. Pulagi yakuda imangonena kuti petulo wachuluka kuposa mpweya. Mwina fyuluta yatsekeka, mwina choko yatsalira, mwina petulo akudzaza mopyola muyezo m'kakapu ka pansi pa kabureta. Yambani mwathana ndi zimenezi. Jeti ibwere pomalizira.

Poyang'ana pulagi, onani kachoyera kaja kozungulira kachitsulo kapakati. Kakakhala ndi mtundu wa tiyi wamkaka, zinthu zili bwino, tsekani muzipita. Kakuda kouma tanena kale. Kakuda konyowa, konanda, ndi nkhani ina: ameneyo ndi oyilo wolowa kudzera m'maringi otha kapena m'timphira ta mavavu, ndipo kumbuyo kumatuluka utsi wabuluu motuwa. Musinthe jeti kakhumi, sizithandiza.

Chimene chimandichititsa mantha ine ndi pulagi yoyera mbee ngati ufa woyera, makamaka ikakhala ndi timatuza kapena timadontho tonyezimira. Petulo wachepa, injini ikupsa. Timadontho timenetoti nthawi zina ndi chitsulo cha pisitoni chimene chayamba kusungunuka. Apanso musathamangire jeti: onani kaye mphira yolumikiza kabureta ndi injini ngati siinang'ambike n'kumalowetsa mpweya wakuba, ndiponso ngati zinyalala za m'petulo wa m'mabotolo sizinatseke kabowo ka jeti.

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu wafika pakhomo, njinga yalira chiimire mphindi zingapo, ndiye akumasula pulagi kuti aweruze jeti yaikulu. Kabureta ili ndi njira zitatu. Jeti yaing'ono imagwira ntchito njinga ikamalira chiimire kufikira mutapotokola moto pang'ono. Pakatikati, kuyambira pa kota kufika makota atatu, imalamula ndi singano. Jeti yaikulu imatenga ulamuliro mukatsegula moto wonse. Pulagi imakusonyezani za njira imene munali kuyendapo pomalizira, choncho muyenera kuzimitsa injini ili pamoto womwe mukufuna kuyeza.

Chitani motere. Tenthetsani injini poyenda mphindi 10, kenako ikani pulagi yatsopano ya nambala yoyenera njinga yanu. Njinga zambiri za 125cc ndi 150cc zimalandira NGK D8EA, za 110cc zimalandira C7HSA, mpata wake mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Sankhani msewu wowongoka, wokwera pang'ono, wopanda ana, mbuzi ndi ngolo, ndipo chipewa chikhale kumutu. Yendani pagiya yapamwamba moto wonse kwa mphindi imodzi, ndiye gwirani kilachi n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo, njinga iime yokha. Dikirani izizireko musanamasule, chifukwa mutu wa injini ndi wa aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kudyeka. Petulo wa masiku ano alibe mtovu, sapaka mtundu msanga pa pulagi yatsopano, choncho nsonga yoyera isakupusitseni. Unikani ndi tochi ya foni m'kati, kutsinde kwa kachoyera kaja. Kamkombero kopyapyala kotuwa kakaoneka kumeneko, jeti yaikulu ili bwino. Kakakhala kotakata ndi kakuda, tsikani nambala. Kakasowa, kwerani.

Nambala yolembedwa pajeti ikakula, bowo lakula, petulo wachuluka. Sinthani ndi sitepe imodzi basi, muyezenso. Musakuze bowo ndi waya kapena msomali, chonde. Pa singano, ngati yanu ili ndi timizere, kutsitsa kachopanira kumakweza singano ndi kuwonjezera petulo, kukakweza kumachepetsa.

Tsono pali china chimene ife a m'chigawo cha Tete tiyenera kuchisamala kuposa anzathu a kumalo achidikha. Ulongué ili pamwamba kupitirira mamita 1,200, pamene mzinda wa Tete, m'mbali mwa Zambezi, sufika n'komwe mamita 200. Kumapiri mpweya ndi wopepuka, motero njinga yochunidwira ku Tete ikakwera ku Angónia kapena ku Tsangano imadetsako pulagi ndi kuchita ulesi. Zimenezo zimangodya m'thumba. Choopsa ndi ulendo wotsika. Mwachepetsa jeti kuti musunge petulo kumtunda, ndiye mwamanga matumba awiri a mbatata ya kachewere, mwadutsa pa Mussacama kulowera ku Moatize mu Okutobala, dzuwa likupyola madigiri 40. Mpweya wachuluka, petulo sanawonjezeke, katundu ndi wolemera, ndipo mphepo yoziziritsa injini nayo ndi yotentha. Pisitoni imakanirira m'injini muli pamsewu pomwepo, ndipo ma meticais amene munasunga pa petulo sangagule ngakhale maringi.

N'chifukwa chake amene mumayenda mtunda ndi chigwa ndimakuuzani kuti muchunire njinga kuchigwa, mulole pulagi iderepo pang'ono mukakhala kumtunda. Amene njinga yanu siichoka ku Angónia, Tsangano kapena Macanga mukhoza kutsika sitepe imodzi, koma jeti yakale muikulunge m'kapepala n'kuisunga pamodzi ndi sipanala ya pulagi, kuti tsiku lopita ku Tete muibwezeretse musananyamuke.