Mmene mungaunikire mkangano wa patenti ya mankhwala othira mu petulo

Patenti ndi chikalata cha boma chopatsa wotulukira luso latsopano ufulu woletsa ena kuligwiritsa ntchito popanda chilolezo chake kwa zaka zoikika. Pofuna kumvetsa mlandu wa patenti ya mankhwala ochokera ku zitsulo amene amathiridwa mu petulo, yambani ndi chikalata cha patenticho, chimene mungachipeze pa tsamba la pa intaneti la Google Patents. Werengani mofatsa ndime za manambala zimene mwini luso amatchulamo malire a chimene akuti ndi chake, pakuti khoti limagamula potengera ndime zimenezo.

Dzifunseni kuti chotetezedwacho n'chiyani kwenikweni: mankhwalawo, njira yowapangira, kapena ntchito yake. Mankhwala a mtovu otchedwa tetraethyl lead ankadziwika kuyambira m'ma 1850, koma mu 1921 Thomas Midgley Jr. wa ku kampani ya magalimoto ya General Motors anapeza kuti pang'ono chabe mu petulo amaletsa kugogoda kwa injini, ndipo kampaniyo inatenga patenti pa petulo wosakanizidwa motero. Kampani ya mafuta ya Standard Oil of New Jersey nayo inali ndi patenti ya njira yotsika mtengo yopangira mankhwalawo. M'malo mokokerana ku khoti, makampani awiriwa anakhazikitsa Ethyl Gasoline Corporation mu 1924.

Kenako onani masiku, kuti mudziwe ngati patentiyo inali idakagwira ntchito pa nthawi ya mkanganowo. Ku America patenti inkakhala zaka 17 kuchokera tsiku loperekedwa, koma zofunsiridwa kuyambira pakati pa 1995 zimakhala zaka 20 kuchokera tsiku lofunsira.

Mapangano a laisensi ndiwo ofunika kuwapatsa nthawi yambiri, chifukwa ndi mmene dyera limabisala. Ethyl inkagulitsa mankhwalawo kwa makampani oyenga mafuta, n'kuwaletsa kugulitsa petulo wothiridwayo kwa wamalonda aliyense wopikula amene analibe laisensi yake, ndipo laisensiyo inkamanidwa kwa otsitsa mitengo. Mu 1940 Khoti Lalikulu la America linagamula kuti zimenezi zinkaphwanya lamulo la Sherman loteteza mpikisano pa malonda, popeza mwini patenti akagulitsa katundu wake sangapitirize kulamula mmene wogulayo amugulitsire.

Musaganize kuti patenti ndi umboni wakuti chinthu n'chosavulaza, pakuti ofesi ya patenti siyeza zimenezo. Mu 1924 antchito asanu anafa ndi poizoni wa mtovu pa fakitale ya Standard Oil ku Bayway, New Jersey, komabe petuloyo anagulitsidwa kwa oyendetsa galimoto mpaka 2021, pamene Algeria, dziko lomaliza, inasiya. Nkhani ya thanzi muifufuze padera, m'malipoti a mabungwe a zaumoyo ndi zachilengedwe.