Kumanga mafulati pamwamba pa nyumba yakale osaipha

Musanajambule pulani, dziwani kaye kumene kulemera kwa mafulati atsopanowo kukatsikire. Ine ntchito yotere ndimayambira pansi. Kumbani maenje ang'onoang'ono m'mbali mwa khoma kuti injiniya aone maziko ndi maso, ayeze kuya kwake komanso mphamvu ya dothi. Mapulani akale musawadalire kwambiri. Nyumba ya zaka 100 inabooledwapo apa, inatsekedwa khomo apo, ndipo zambiri palibe anazilemba.

Makoma akapezeka kuti akadali ndi mphamvu, mungasanjikepo nsanjika imodzi kapena ziwiri zopepuka. Matabwa a CLT, omwe ndi matabwa osanjikiza mopingasa n'kumatidwa pamodzi, ndi abwino pamenepa: kiyubiki mita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 500, pamene konkire imafika 2,400. Mukafuna nsanjika zambiri, imikani mizati yachitsulo yodutsa mkati mwa nyumbayo, yokhala ndi maziko akeake, kuti makoma akale asasenze katundu amene sanamangidwire.

Apa m'pamene ambiri amapsa mtima n'kungoti tigwetse zonse zamkati. Mumzinda wa Hamburg ku Germany, nyumba yotchedwa Elbphilharmonie, yomwe inatsegulidwa mu 2017, ili ndi holo ya nyimbo, hotela ndi mafulati pamwamba pa nyumba yakale yosungiramo katundu padoko. Ndi yokongola, sindikana, koma mkati anachotsamo zonse n'kusiya makoma a njerwa akunja okha. Kwa ine nyumba yotero yatsala chikopa. Masitepe, mitanda ya denga ndi zipinda ndiye zimaonetsa mmene anthu ankagwirira ntchito mmenemo, choncho sungani zimene mungathe, ngakhale zikuchepetsereni fulati imodzi.

Ofesi yoteteza nyumba zakale pitaniko msanga, pulani ikadali ya pensulo. Mfundo zimene akatswiri anagwirizana ku Venice mu 1964 zimati chowonjezera chizioneka kuti ndi cha nthawi yake, komanso chisaphimbe mbali zofunika za nyumba yakaleyo. Ndiye musatengere mawindo ndi zokongoletsa zakale ngati kuti zonse zinamangidwa limodzi. Nsanjika zatsopano zibwerere m'mbuyo kuchoka pakhoma loyang'ana msewu. Kuti mudziwe kuti zibwerere mtunda wotani, imikani mapolo padenga pa msinkhu womwe mukufuna, mumange chingwe, kenako muwoloke msewu mukayang'ane. Chingwecho chikamaoneka msanga kuposa nyumba, tsitsani kapena bwererani m'mbuyo.

Chikepe, masitepe othawira moto ndi mapaipi a madzi oipa muziike kumbuyo kapena pabwalo lamkati, pamalo amodzi, m'malo moboola paliponse.

Tsopano madzi, mdani amene amabwera mwakachetechete. Tsiku lomwe mwasasula denga lakale, pakhale kale denga lina loyembekezera, chifukwa mvula ya usiku umodzi ikalowa m'mitanda ndi m'pulasitala imasiya ntchito ya miyezi. Pokumana chatsopano ndi chakale siyani mpata woti ziwirizo zizisuntha pazokha, ndipo muutchinge bwino. Pokonza njerwa zakale gwiritsani laimu ngati poyamba anamangira laimu. Simenti ndi yolimba kwambiri: imatsekera chinyezi mkati, ndipo nkhope ya njerwa imayamba kusuwa n'kumagwa zidutswazidutswa.

Mng'alu uliwonse umene mwaupeza muujambule, muikepo choyezera, ndipo muziwerenga sabata iliyonse mpaka nsanjika yomaliza itakhala. Ukayamba kukula, imitsani ntchito tsiku lomwelo muitane injiniya.